Agogo anu ndi Zabeli, Isabel kapena Elizabeth?

Mayi wina wa ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique, wafunsa motere: "Ndabereka mwana wamkazi mwezi watha ndipo ndikufuna kumutcha dzina la malemu agogo anga. Ife tinkawaitana kuti a Zabeli, pa sedula yawo, chikalata cha kubadwa chija, panalembedwa Isabel, koma msuweni wanga wa ku Dedza amene anatchedwa dzina lawo ndi Elizabeth. Bambo a mwanayu akukana, akuti limeneli ndi dzina la Apwitikizi, tipeze lachikazi lathulathu. Kodi mayina atatuwa ndi amodzi? Nanga a Maria, Ana, Fátima ndi Conceição tadzaza nawo kunowa anachokera kuti? Lathulathu lachikazi ndi liti?"

Mayi, tiyambe tathokoza kuti munachira bwino. Pa funso lanu loyamba yankho ndi lalifupi: inde, Zabeli, Isabel ndi Elizabeth ndi dzina limodzi, ndipo amene anatcha msuweni wanu wa ku Dedza sanaphonye. Koma bambo a mwana musawatsutse msanga. Pa zimene akunenazo pali poona, palinso pamene aterereka, ndipo kuti tilekanitse ziwirizi tiyenera kulilondola dzinali mpaka kumene linachokera.

Silinayambire ku Lisboa. Tsegulani Eksodo 6:23, mupeza mkazi wa Aroni, dzina lake Eliseba. M'Chiheberi amati Elisheva, kutanthauza kuti "Mulungu wanga ndiye lumbiro". Chigiriki chilibe liwu la "sh", choncho olemba Chigiriki anangoti Elisabet, ndipo ndi momwe Luka analembera dzina la mayi wa Yohane Mbatizi. Kuchokera apo linalowa m'Chilatini cha m'tchalitchi, kenaka mtundu uliwonse wa ku Ulaya unalipinda monga mwa lilime lake. Ataliyana akuti Elisabetta, a ku Russia akuti Yelizaveta, a ku Hungary akuti Erzsébet, a ku Scotland akuti Elspeth. Angerezi anasunga Elizabeth koma n'kumaliduladula ngati nzimbe: Eliza, Liz, Betty, Beth. Anthu a kummwera kwa France, a ku Spain ndi a ku Portugal analidula kumutu n'kulisintha kumchira, "bet" uja n'kusanduka "bel". Isabel anabadwa choncho.

Chinalikuza pakati pa Apwitikizi ndi mfumukazi yawo ina, Isabel wa ku Aragon, mkazi wa mfumu Dinis. Anabadwa mu 1271, anamwalira mu 1336, ndipo mpingo wa Katolika unamulengeza kukhala woyera mu 1625. Amakumbukiridwa chifukwa chothandiza osauka ndiponso choyanjanitsa mwamuna wake ndi mwana wawo Afonso pamene awiriwa anatengerana zida. Koma chimene ndikufuna muwauze bambo a mwana ndi ichi: mfumukaziyi inatchedwa dzina la mbale wa agogo ake aakazi, Elizabeth woyera wa ku Hungary. Kwawo kwa mwini dzina ankati Erzsébet, mdzukulu n'kukhala Isabel, ndipo palibe anaona chachilendo. Nkhani yake ndi yomweyi ya inu ndi msuweni wanu. Mpaka lero Apwitikizi sasiyanitsa potchula mafumukazi. Mfumukazi ya ku Mangalande itamwalira mu 2022, wayilesi za ku Portugal zinkati wamwalira Isabel II, pamene tsidya la ku Malawi anthu ankati Elizabeth, dzina lomwe lilinso pa chipatala chachikulu cha ku Blantyre chimene timangoti ku Kwinzi.

Nanga Zabeli? Ndi ife tsopano amenewo, kuchita zomwe anachita anzathu onse aja. M'Chipwitikizi "s" akakhala pakati pa mavawelo awiri amamveka ngati "z", ndiye makutu a makolo athu anamva "Izabel". Chichewa sichikonda kuyamba dzina ndi vawelo yoima payokha, makamaka pamene kutsogolo kukubwera kale "a" waulemu, choncho "a Izabel" anafupika kukhala "a Zabel". Komanso liwu lathu silithera m'malere, limafuna vawelo yotsekera, ndiye pamapeto panabwera "i". Ine sindilola munthu kunena kuti Zabeli ndi Isabel wolakwika. Ngati zili choncho, Isabel nayenso ndi Elisheva wolakwika. Malamulo omwewa ndi amene anatipatsa Aginesi, Magireti, Teleza, Dolofe ndi Malita. Kusinthanitsa "l" ndi "r" sikusaphunzira ayi, m'chinenero chathu awiriwa ndi liwu limodzi.

Maria nayenso ndi wa m'banja lomwelo la Aroni. Gwero lake ndi Miriamu, mlongo wa Mose ndi Aroni, kutanthauza kuti Eliseba uja anali mlamu wake. Agiriki anati Mariam kapena Maria, Afalansa Marie, Angerezi Mary, a ku Ireland Máire, Aluya Maryam. M'Korani mayi wa Yesu ndiye mkazi yekhayo wotchulidwa ndi dzina lake, ndipo sura 19 yonse imatchedwa Maryam. Choncho Mariamu wachisilamu wogulitsa nsalu pamsika ndi Maliya wa m'kwaya ya ku parishi ndi adzina, ngakhale ambiri sadziwa.

Ana ndiye amandiseketsa. Chaka china ndikuphunzitsa, ndinali ndi mtsikana wa dzinali m'kalasi, ndipo ndikati "Ana!" pofuna iyeyo, kalasi yonse inkatukula mitu. Ndinachita kuzolowera kumutchula ndi dzina la bambo ake. Koma dzinali silikhudzana ndi ana athuwa. Ndi Hana, mayi wa Samueli, amene anapita kukalira kwa Mulungu ku Silo chifukwa chosabereka, ndipo m'Chiheberi tanthauzo lake ndi chisomo. Anne, Anna, Anita, Annette, Anya ndi Nancy onsewa ndi nthambi zake. Joana ali pafupi pomwepo, chifukwa amachokera ku Yohanan, "Yehova wachita chisomo". Pa Luka 8:3 pali Yohana mkazi wa Kuza, mmodzi mwa amayi amene ankatumikira Yesu ndi chuma chawo. Jane, Joan, Janet, Jeanne, Juana, Giovanna ndi Ivana ndi dzina lomwelo, kotero Jeni ndi Janeti a ku Ntcheu asamuone Joana wa ku Domwe ngati mlendo.

Apa pakuonekera ubale wamtundu wina umene anthu ambiri sauganizira. Pali mayina apachibale chifukwa cha kamvekedwe, monga Zabeli ndi Elizabeth, koma palinso apachibale chifukwa cha tanthauzo. Ana, Graça, Grace ndi Chisomo akunena chinthu chimodzi m'zinenero zinayi, ndipo Aswahili akuti Neema, Ashona akuti Nyasha. Doroteia ndi Chigiriki, "mphatso ya Mulungu", ndipo mukatembenuza zigawo zake ziwirizo mupeza Teodora. Ameneyo ndi Mphatso wathu, kapena Chipo wa ku Zimbabwe. Irene ndi Mtendere. Esperança ndi Chiyembekezo, amene ku Russia ndi Nadezhda, mwachidule Nadia. Letícia ndi Chimwemwe. Kulikonse mayi akanyamula khanda amanena zofanana.

Fátima ali ndi mbiri yokhotakhota kuposa onse. Ndi dzina lachiluya, la mwana wamkazi wa mneneri Muhammad, ndipo n'chifukwa chake Asilamu a kuno amati Fatuma kapena Fatima. Asilamu analowa m'dera la Spain ndi Portugal mu 711 ndipo analamulira mbali zina kwa zaka mazanamazana, n'kusiyako mayina a malo. Limodzi mwa malowo ndi kamudzi kotchedwa Fátima. Nthano ya kumeneko imati kanatchedwa dzina la mtsikana wachisilamu amene anakwatiwa ndi msilikali wachikhristu. Pa 13 May 1917 ana atatu oweta nkhosa pafupi ndi kamudziko, Lúcia, Francisco ndi Jacinta, ananena kuti aona Maria Virigo, ndipo anati masomphenyawo anabwerezeka mpaka mwezi wa October. Malowo anasanduka kopita amwendamnjira, ndipo atsikana achikatolika anayamba kubatizidwa kuti Maria de Fátima. Dzina la mwana wa mneneri wa Chisilamu linalowa m'buku la ubatizo kudzera pa chikwangwani cha mudzi. Lurdes anabwera mwa njira yomweyo, kuchokera ku Lourdes ku France kumene mtsikana Bernadette ananena za masomphenya ake mu 1858.

Conceição si dzina la munthu kwenikweni, ndi chiphunzitso. Akatolika amakhulupirira kuti Maria anakhala m'mimba mwa mayi wake wopanda tchimo lobadwa nalo, ndipo amachita chaka chake pa 8 December. Mu 1646 mfumu João IV inapereka ufumu wa Portugal m'manja mwa Nossa Senhora da Conceição, ndiye mukuona chifukwa chake dzinali lili paliponse pamene Apwitikizi anaponda. Assunção ndi wa pa 15 August, tsiku lokumbukira kutengedwa kwa Maria kupita kumwamba. Nthawi zambiri mwana ankangolandira dzina la chaka cha tchalitchi chimene wabadwira pafupi nacho. Azakhali anga anabatizidwa Maria da Conceição, koma m'mudzi monse anali a Konsesau, pambuyo pake a Sau basi. Ndinadabwa nditakula kumva kuti ku Portugal komweko nawonso amafupikitsa kuti São. Pali linanso la gulu lomweli limene tiyenera kulimva bwino ife Achewa: Maria das Dores, Maria wa zowawa. Ku Spain amati Dolores, mwachidule Lola. Munthu amene amaseka dzina la Mavuto kapena Misozi n'kumasirira Lola sakudziwa chimene akusirira.

Tsono apa ndi pamene bambo a mwana akunena zoona. Ngakhale mizu ya mayinawa ili kwa Aheberi, Agiriki ndi Aluya, kuno anafika m'thumba la Mpwitikizi, ndipo sanafike mochita kupempha. Ansembe achijezuiti anakhazikika ku Boroma m'ma 1880, kenaka ku Lifidzi kuno ku Angónia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Lamulo la mpingo la 1917 linkauza wansembe kuti aonetsetse kuti wobatizidwa walandira dzina lachikhristu, ndipo makolo akaumirira lawo, iye awonjezere la woyera wina n'kulemba onse awiri m'buku. Mu 1940 boma la Portugal linapangana ndi Vatican, ndipo chaka chotsatira sukulu zoyambira za anthu akuda zinaikidwa m'manja mwa mishoni za Katolika. Mtsikana wofuna kuphunzira ankadutsa pakhomo la bambo mfumu, ndipo potuluka anali ndi dzina lina. Kwa ofuna kuwerengedwa ngati asimiladu, anthu akuda ovomerezedwa ngati Apwitikizi, malamulo a indigenato osiyanitsa eni nthaka ndi nzika za Portugal asanathetsedwe mu 1961, dzina lachimudzi linali katundu wolemera. Kawirikawiri amene ankasankha anali mayi wa ubatizo, amene kuno timati madirinya, ndipo ankangopereka lakelo. N'chifukwa chake m'mudzi umodzi mumapeza a Zabeli anayi amsinkhu umodzi. Lamulo la mpingo lija linafewetsedwa mu 1983. Tsopano limangoletsa dzina lotsutsana ndi chikhristu, choncho Chisomo kapena Tamandani abatizidwa popanda vuto.

Mabanja a mpingo wa Reformada ali ndi mayina awoawo. Amishoni achidatchi anatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909, boma la Apwitikizi n'kutseka ntchito yawo mu 1922, chaka chomwe Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'Chinyanja. Akhristuwo anatsala ndi Baibulo m'manja, ndipo ankawoloka malire kukabatizitsa. Iwo sankatenga mayina a oyera, ankawatola m'malembo momwe: Rute, Estere, Lidiya, Rakele amene tanthauzo lake ndi nkhosa yaikazi, Debora amene ndi njuchi, Dorika amene pa Machitidwe 9:36 akutchedwanso Tabita. Lokoma kwambiri ndi Esinati. Ambiri amaliyesa lachichewa chifukwa ku Ulaya silimveka kwenikweni, koma ndi Asenati wa pa Genesis 41:45, mkazi amene Farao anapatsa Yosefe. Ndi dzina la ku Iguputo, la mu Afirika momwe muno, ndipo lakhala bwino pakati pathu kuposa kwina konse kumene ndikudziwa.

Za msuweni wanu n'zosavuta. Pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire, mbali iyi metikali, mbali iyo kwacha, koma anthu ndi amodzi. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, anthu a kuno ambirimbiri anathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza, ndipo ana obadwira kumeneko analembedwa ndi akalaliki ophunzira Chingerezi. Mayi akati Katarina, cholembera chinkati Catherine. Akati Inês, chinkati Agnes, ndipo mwamwayi chinkalondola, poti awiriwa ndi dzina limodzi lachigiriki lotanthauza woyera mtima.

Tifike tsopano pa funso lanu lomaliza, limene ndi lovuta kuposa mmene bambo a mwana akuganizira. M'Chipwitikizi dzina lachikazi nthawi zambiri limadziwika ndi mchira wake. Paulo akhala Paula, Joaquim akhala Joaquina, Luís akhala Luísa, monga mayi Luísa Diogo, mwana wa chigawo chathu chino cha Tete, amene anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Chichewa chilibe zimenezo. Chikondi, Chisomo, Mphatso, Madalitso, Thokozani, Pilirani, Takondwa, Yamikani, onsewa mungatche mnyamata kapena mtsikana. Alipo ena amene chizolowezi chawakankhira kuchikazi, monga Tiyamike, Mtisunge, Misozi ndi Ndaziona, koma m'mawu mwake mulibe chonena kuti mwini wake ndi mkazi. Dzina lathu silinkafotokoza kuti mwana ndi wamtundu wanji. Linkafotokoza zimene zinali pakhomo pamene ankabadwa. Ana akamangomwalira motsatizana, wotsatirayo ankatchedwa Maliro, Manda kapena Nditani. Pakakhala kunong'onezana pakati pa abale, khanda linkasenza uthenga: Lekani, Ganizani, Iwalani. Mpongozi ankamva yekha, popanda womutchula.

Chachikazi chenicheni m'chinenero chathu chili pa kachidutswa kakang'ono ka "Na". Nabanda, Naphiri, Nambewe, Nankhoma, ndipo kwa Angoni Najere, Namaseko, Nangozo. Amenewa ndi mayina a mfunda kapena chiwongo, aulemu, oitanira munthu wamkulu. Mwana wa mwezi umodzi ali nalo kale lakelo, likungomudikira kuti akule. Atumbuka amati "Nya", monga Nyagondwe. Azulu, kumene Angoni a kwa Maseko amene anadzakhazikika ku Domwe anachokera kufupi nako, ali ndi "No": Nomvula, mayi wa mvula, Nomsa, mayi wa chifundo. Thandiwe ndi Sibongile amene mukuwamva masiku anowa ndi a chinenero chomwecho, ndipo matanthauzo ake ndi "wokondedwa" ndi "tathokoza".

Pamwamba pa amenewa panali mayina audindo, amene sankaperekedwa kwa khanda wamba. Nyangu anali mayi wa ufumu wa Aphiri, amene m'mimba mwake munkachokera a Kalonga, ndipo mbiri imati Undi pochoka kwa Kalonga kudzakhazikika ku Mano, kumpoto kwa chigawo chino cha Tete, anatenga Nyangu n'kubwera naye. Mwali anali mkazi wamkulu wa Kalonga, wa fuko la Abanda. Makewana, kutanthauza mayi wa ana, anali wosunga kachisi wa mvula ku Msinja. Ndamvapo makolo ena achinyamata akufuna kutcha ana awo mayina otere pofuna kuonetsa chikhalidwe. Ine ndimati ayambe afunsa akuluakulu a pamtundu pawo, chifukwa chipewa cha mfumu sitivalira kukongola kwake.

Ndipo musaiwale kuti kale mkazi sankayenda ndi dzina limodzi moyo wake wonse. Loyamba ankalandira mchombo ukagwa, potuluka m'chikuta, ndipo wotcha dzinayo ankaponyapo kanthu, kaya nkhuku kaya kandalama. Akatha msinkhu n'kuvinidwa, ankatuluka ndi lina, ndipo kuyambira tsiku limenelo kumuitana ndi lapaubwana kunali kumunyoza. Akabereka ankasanduka make Uje. Dzina laubatizo linangobwera kudzasanjikika pamwamba pa enawa. Zinthu zakubwera zimakhala choncho. Mbatata ya kachewere imene imadzaza malole ku Tsangano kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, koma pitani mukamuuze mlimi wa kumeneko kuti mbewu yakeyo ndi yachilendo, muone mmene akuyang'anireni.

Maganizo anga ndi akuti mwanayo mumutche agogo ake, chifukwa chimene mukufuna inu ndi munthuyo, osati Portugal. Bambo ake apatsidwe mpata woika lachiwiri lachichewa. Isabel Chisomo kapena Isabel Tadala likumveka bwino, ndipo kunyumba adzakhala Zabeli ndithu, mufune musafune. Ngati mtima wanu uli pa Zabeli yemweyo kuti alowe pa pepala, ine sindikuonapo cholakwa.

Chimene ndikuchenjezeni n'chakuti popita kukalembetsa mwana, mutenge kapepala kamene mwalembapo kale dzinalo ndi zilembo zazikulu. Mwana wa mchemwali wanga tinamutcha Chikondi. Kalaliki wina, wosamva Chichewa, analemba monga mmene khutu lake lachipwitikizi linamuuzira: Chiconde. Tinaona mochedwa, sedula itatuluka kale. Atayamba sukulu, mphunzitsi wochokera kummwera ankawerenga "ch" monga amachitira m'Chipwitikizi, ndiye mwana anakhala Shikonde chaka chonse, anzake n'kumamuseka pobwerera. Kukonzetsa zilembo ziwiri kunatidyera maulendo atatu a shapa, minibasi ija. Mayina okhala ndi "th", "ph", "ny" ndi "k" ndiwo amavulala kwambiri: Thokozani asanduka Tocozane, Mphatso ataya "h" wake. Werengani pepalalo musanachoke pawindo.

Koma musanapite kumeneko, pali ulendo wina. Agogo anuwo ngati anakulira kumudzi n'kuvinidwa, sanali Zabeli yekha. Anali ndi dzina la m'chikuta, mwinanso lakuchinamwali, limene sedula sinalidziwe. Funani gogo wamsinkhu wawo amene adakali moyo, mng'ono wawo kapena mnzawo amene anavinidwa naye limodzi. Mutengereni shuga ndi kamchere, mukhale naye pamphasa kuseri kwa nyumba, ndipo mufunse motsitsa mawu, poti lapaubwana la munthu wamkulu salitchula pagulu. Bambo a mwana muwasiye panjira ndi amuna anzawo, mudzawauza pobwerera.